Khasu Lathu Akulisula Tili M'munda

Ife amene timakhala m'timashopu tolembera makalata, kujambula mapepala ndi kusindikiza makadi, kuyambira ku Limbe mpaka ku Karonga, tili ndi dandaulo limene takhala tikulinong'ona kwa zaka zambiri. Aphunzitsi okonza mayeso ali nalo. Alembi a mipingo ndi akalaliki a m'maofesi ang'onoang'ono ali nalonso. Gwero lake ndi mawu aja amene amatulukira pa sikirini m'mawa ntchito ili tho, otiuza kuti tidikire, tisazimitse kompyuta, ikupanga update.

Magetsi ayaka 7 koloko, ndipo palibe akudziwa kuti akhala mpaka liti. Pabenchi pali mnyamata wagwira envelopu, akufuna CV ndi kalata yofunsira ntchito, tsiku lotsekera ndi lero. Pambali pake pali bambo wachikulire amene abale amutuma kudzasindikiza pulogalamu ya maliro, thupi likunyamuka masana. Mwayatsa kompyuta. M'malo mokutsegulirani ntchito, ikukuonetsani timadontho tozungulira ndi nambala imene yaima pa 30 peresenti ngati lole yotitimira m'matope. "Achimwene, zitheka koma?" Mumayankha kuti zitheka bambo, tangodikirani pang'ono, pamene inu nomwe simukudziwa kuti pang'onopo ndi mphindi khumi kapena maola awiri. Mumtima mukungopempha kuti magetsi asathime, chifukwa akathima update ili pakati, kompyuta ikhoza kukanika kuyakanso, ndiye tsiku lonse lathera kwa okonza. Mnyamata uja amadzuka mwaulemu n'kupita pashopu ina. Simungamuimbe mlandu.

Wina asatinamizire kuti timadana ndi zatsopano. Ife ndi makasitomala okhulupirika kuposa amene eni mapulogalamu amawaganizira. Ambirife tinaphunzira kompyuta pa Windows XP, imene inatuluka mu 2001, ndipo tinaiphunzira movutikira, anthu atatu kapena anayi pa makina amodzi, wina akugwira mausi ena akuyang'anira pamapewa. Tinalipira sukulu za kompyuta ndi ndalama za fodya, za mandasi, za ganyu. Tinaphunzitsa ana athu, azing'ono athu ndi antchito athu mapulogalamu omwewo. Munthu akabwera kudzafunsa kuti agule makina otani, tinkamulozera komweko kumene ife tinazolowera. Palibe anatilipirapo pa kutsatsa malonda kumeneku.

Chimene opanga mapulogalamu saoneka kuti amachimvetsa n'chakuti ntchito yathu imakhala m'zala. Munthu amene walemba makalata zaka khumi ndi zisanu saganizanso kuti batani losindikizira lili pati. Dzanja limapita lokha, monga mayi amalowera m'khitchini mwake usiku popanda nyali n'kutola mthiko, mchere ndi chipande osakhumudwa. Luso limeneli ndiye chuma chathu, ndi limene limatipangitsa kumaliza makalata khumi pamene wophunzira kumene akulimbana ndi yoyamba. Tsono wina akalowa usiku, n'kusuntha mchere kuuika pamene panali parafini, mthiko n'kuubisa kuseri kwa nkhokwe, m'mawa n'kutiuza kuti watikonzera khitchini, watilanda zaka zathu zija. Timabwerera kukhala ophunzira pamaso pa makasitomala athu, tikufufuza chinthu chimene dzulo tinkachipeza titatsinzina.

Izi si zopeka za anthu osadziwa makina. Zili m'mbiri yodziwika. Mu Office 2007, kampani ya Microsoft inachotsa mndandanda wa malamulo umene anthu anauzolowera mu Word ndi Excel, n'kuikapo chilamba chachikulu pamwamba chimene amachitcha ribbon. Nthawi yomweyo inabweretsa mtundu watsopano wa mafayilo, wa docx, umene Word wakale sankautsegula pokhapokha mutaikamo kapulogalamu kena kothandizira. Mu October 2012 kunabwera Windows 8, imene inalibe batani la Start, khomo limene dziko lonse linkalowera pa kompyuta kuyambira 1995. Anthu analira ponseponse, ndipo patatha chaka batanilo linabwezedwa mu Windows 8.1. Ngati chinthu chinabwezedwa, ndiye kuti olirawo sankalira chabe. Koma chaka chimene anthu anavutikacho palibe anawabwezera.

Mu 2016 zinafika pena. Pofuna kuti aliyense asamukire ku Windows 10, makompyuta ankatulutsa uthenga wokakamiza, ndipo panali nthawi imene kudina kachizindikiro kofiira ka X, kamene aliyense amadziwa kuti n'kotsekera, kunkatengedwa ngati munthu wavomera. Mayi wina wa ku California, mwini bizinesi yokonzera anthu maulendo, anakasumira Microsoft kompyuta yake itasokonekera ndi kusamuka kumene iye ananena kuti sanakupemphe, ndipo anapatsidwa madola 10,000. Ameneyo anali ndi khoti pafupi ndi nthawi yotsatira mlandu. Mu October 2018, update ina ya Windows 10 inafufuta mafayilo a anthu ena, mpaka kampaniyo inaiimitsa patangopita masiku ochepa. Munthu amene wamva nkhani ngati zimenezi akamachita mantha poona mawu oti update, mantha akewo ali ndi pogwira.

Tsopano pali nkhani imene yatikhudza pamtima kwambiri, ya makina enieniwo.

Makompyuta amene ambirife timagwiritsa ntchito ndi a kaunjika. Anayamba atumikira m'maofesi a ku Britain, ku America kapena ku South Africa, atakwanitsa zaka zawo kumeneko n'kutsika kuno m'makontena kapena m'zikwama za abale. Ndi makina olimba. Laputopu ya zaka khumi, mukaisinthira batire ndi kuiwonjezera RAM, imalemba kalata, imawerengera ndalama za banki m'khonde, imakonza khadi la chinkhoswe mofanana ndi yatsopano. Mwini wake anaigula atasunga ndalama miyezi yambiri, amaipukuta fumbi, amaifunditsa nsalu usiku, mvula ya ziphaliwali ikayamba amaizula kukhoma. Kwa iye makinawo ali ngati ng'ombe ya pangolo.

Windows 10 itatuluka mu July 2015, mmodzi wa antchito a Microsoft, Jerry Nixon, anali atanena pamsonkhano wina chaka chomwecho kuti imeneyi ndi Windows yomaliza, ndipo mawuwo anafala dziko lonse. Anthu anapuma, poganiza kuti kusamukasamuka kwatha. Mu October 2021 kunatuluka Windows 11. Imeneyi inabwera ndi malire: imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa ya masiku ano, kwa Intel makamaka kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, umene unayamba kugulitsidwa mu 2017. Makina ambiri a kaunjika ndi akale kuposa pamenepo. Ndiyeno pa 14 October 2025 thandizo laulere la Windows 10 linatha. Makinawo akuyakabe, akulembabe, akusindikizabe, koma mipata imene akuba a pa intaneti adzatulukire kutsogoloku sidzatsekedwanso pa makina amene sanalembetsedwe pa dongosolo lapadera lowonjezera chaka chimodzi. Dongosololo mtengo wake kwa munthu wamba anauika pa madola 30, anaikanso njira zina zolowera ulere polumikiza kompyuta ku akaunti ya kampaniyo, ndipo analengeza kuti lifika mpaka October 2026. Bungwe lofufuza za malonda la Canalys linayerekeza mu 2023 kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni akhoza kusanduka zinyalala chifukwa cha kusintha kumeneku.

Taonani mmene zilili kwa munthu wa pa Mponela kapena pa Luchenza. Akuuzidwa kuti ng'ombe yake yakalamba, pamene iye akuiona ikukoka ngolo tsiku ndi tsiku. Sinathyoke mwendo, sinadwale. Angoilembera tsiku kuchokera kutali, anthu amene sanaionepo. Ndipo akafunsa chochita, yankho ndi lakuti gulani yatsopano. Agule ndi chiyani? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nayo limodzi. Mtengo wa laputopu yatsopano ndi fizi ya mwana, feteleza wa chaka ndi lendi ya shopu kuphatikiza pamodzi. Chimene chimatiwawa n'chakuti makina amene mayiko olemera akuwataya chifukwa cha malire omwewa ndi amene adzatsikire kuno, ndipo ogula osadziwa adzapereka ndalama zawo pa chinthu chimene eni pulogalamu anachisiya kale. Akadzafa makinawo adzafera kuno, m'mayenje athu a zinyalala, mmene ana amasewera ndi mabatire ndi mawaya.

Pali ndi nkhani ya bandulo. Amene amakonza ma update amakhala kumene intaneti imayenda ngati madzi a pampopi wosatsekedwa, yolipiridwa pamwezi mosawerengera. Kwathu kuno intaneti timagula ngati mafuta ophikira a m'timapepala, pang'onopang'ono, molingana ndi zimene tapeza tsikulo. Mumagula bandulo kuti mutumize fomu ya kasitomala, mumalumikiza foni ku kompyuta, ndipo musanatsegule n'komwe imelo uthenga wafika woti bandulo yatha. Yapita kuti? Mapulogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi, aliyense payekha, anayamba kudzikokera zatsopano kuseri osapempha. Fayilo yoikira Windows 11 payokha imaposa magigabaiti 5. Alipo malo amene munthu angauze kompyuta kuti intaneti yake ndi yowerengera, isamadye mwachisawawa, ndipo amene tikudziwa timauzana. Koma bwanji chinthu chofunika chotere chibisike mkati mwa mkati, pamene batani lovomereza limakhala lalikulu pamaso? Funso limene timafunsidwa nthawi zambiri silikhala loti mukufuna kapena simukufuna. Limakhala loti tsopano kapena usiku uno.

Ine ndili ndi changa chimene chimandiwawabe. Zaka zapitazo ndinagula kapulogalamu kolembera ndalama zolowa ndi zotuluka, ka kampani ina yakunja. Ndinakagula mwachilungamo, ndinalipira kudzera kwa msuweni wanga amene anali ndi khadi la kubanki, pamene anzanga ena ankandiseka kuti bwanji osangotenga kobera. Ndinkafuna kugona tulo tabwino. Kanatumikira bwino zaka zingapo, ngongole za masukulu ndi mipingo imene inkasindikiza pangongole zonse zinali mmenemo. Tsiku lina kanandipempha update, ine n'kuvomera monga kasitomala womvera. Katatsegukanso, malo osindikizira malisiti anali atatsekedwa, ndipo uthenga unati mbali imeneyo tsopano ndi ya olipira pamwezi. Ndinayesa kubwerera ku kakale, koma mafayilo anga anali atasinthidwa kale kukhala a mtundu watsopano, kakale kaja sikankawatsegulanso. Ndinalemba makalata atatu. Anandiyankha mwaulemu ndi mawu ofanana katatu konse, ondithokoza chifukwa chokhala nawo nthawi yaitali. Ndinatha milungu iwiri ndikukopera ngongolezo m'kope ndi cholembera. Anzanga a zobera aja sanavutike ndi kalikonse, chifukwa mapulogalamu awo sankalandira update. Sindikuyamikira kuba, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo pa zimenezo. Koma malonda amene amalanga wolipira n'kusiya wakuba ali phee ali ndi vuto pamaziko pake.

Kulipira pamwezi kumeneku kwafala. Kale pulogalamu inali ngati njinga: wagula, ndi yako, uikwere mpaka ithe. Mu 2013 kampani ya Adobe, eni Photoshop, inalengeza kuti mapulogalamu ake atsopano azipezeka polipira mwezi ndi mwezi basi, ndipo makampani ambiri anatsata njira yomweyo. Tsopano njinga ija yasanduka ya kabaza, ukasiya kulipira utsike. Kwa wojambula zithunzi za maukwati kuno, lendi imeneyi ndi ya madola, ndipo madola m'dziko muno ndi osowa. Munthu akhoza kukhala ndi makwacha okwanira m'thumba, mtima wofuna kulipira ali nawo, koma njira yotumizira ndalamazo palibe kapena khadi lakana. Pulogalamu sidziwa zimenezo. Imangotseka, ntchito ya mkwati ndi mkwatibwi ili mkati.

Zina amangozichotsa. WordPad, kapulogalamu kophweka kolembera kamene kanali mu Windows kuyambira 1995, kanachotsedwa mu Windows 11 ya 2024. Publisher, imene mashopu ambiri amakonzera makadi a ukwati, masatifiketi ndi mapulogalamu a maliro, inalengezedwa kuti thandizo lake litha mu October 2026. M'makompyuta a m'mashopu muli mafayilo mazanamazana a Publisher, zikombole za makadi zimene anthu akhala akuzikonza ndi kuzikongoletsa kwa zaka, kungosintha maina ndi masiku. Ameneyo ndiye mpamba wa shopu. Amene anaganiza zoithetsa mwina anaona manambala osonyeza kuti oigwiritsa ntchito achepa. Makina ambiri a kuno sakhala pa intaneti tsiku lonse, ndiye tikukayika ngati tinawerengedwa nawo m'manambalamo.

Mafoni nawo ali m'njira yomweyo. Kuyambira October 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android akale kuposa 5.0, ndipo agogo ena amene ankamva mawu a zidzukulu za ku Johannesburg pa kafoni kakale anangoona zii. Kampani ya Apple inavomera mu December 2017 kuti ma update ake ankachepetsa liwiro la mafoni ena okhala ndi mabatire otopa, ponena kuti inkafuna asamazime mwadzidzidzi, ndipo mu 2020 dziko la France linailipiritsa mayuro 25 miliyoni chifukwa chosauza ogula. Ndiye anthu akamati foni yanga yayamba ulesi chipangireni update, tisamafulumire kuwatsutsa.

Chilungamo tinene. Ma update ena ndi ofunika, ndipo ife tikudziwa. Ndife amene timalimbana ndi mavairasi obwera m'mafulashi a makasitomala tsiku lililonse, amene amabisa mafoda onse n'kusiya tizithunzi tachabe. Mu May 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko oposa 150, zipatala za boma ku Britain zinabweza odwala, pamene chigamba chotseka mpata umene inalowera chinali chitatuluka kale mu March chaka chomwecho. Amene anazengereza kuchiika ndiwo anagwidwa. Choncho wokhoma chitseko chathu kuti akuba asalowe timamulandira ndi manja awiri. Chimene tikukana n'chakuti wobwera kudzakonza loko asunthenso mipando, apente khoma mtundu umene sitinasankhe, apachike zotsatsa malonda ake pabalaza, atenge ndi wailesi n'kunena kuti tizibwereka kwa iye pamwezi. Zinthu ziwirizi amazimanga mtolo umodzi, ndipo zotsatira zake n'zoopsa: anthu otopa ndi kusunthidwa kwa mipando amatseka ma update onse, a chitetezo omwe, n'kukhala pambalambanda. Pitani kwa wokonza makompyuta aliyense, mukamva kasitomala akunena kuti, "Achimwene, mundizimitsire zija zimangodzipanga zokha zija." Amene anaphunzitsa anthu kuopa mankhwala ndi amene anawasakaniza ndi zinthu zina.

Ndipo ngakhale a chitetezowo amalakwa. Pa 19 July 2024, update imodzi yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinasokonekera m'mayiko ambiri. Tsiku limenelo mabwana a makampani akuluakulu analawa zimene ife timalawa pabenchi yathu, kungoti zawozo zinalembedwa m'nyuzi.

Achinyamata ophunzira amatiuza kuti tisamukire ku Linux, ndipo uphungu wawo si woipa. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004, ndi yaulere, ndipo mitundu ina ya Linux imayenda bwino pa makina akale amene ena awakana. LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengera popanda lendi. Ena mwa ife ayesa ndipo akhutira. Koma kusamuka kuli ndi mtengo wake. Pulinta yakale ija ingakane kumvana ndi makina atsopanowo. Kasitomala abwera ndi fayilo yake ya Word yokhala ndi matebulo ndi zithunzi, mukaitsegula mizere yasuntha, masamba awiri asanduka atatu, ndipo iye akufuna ituluke ndendende mmene anaikonzera. Mafomu a mabungwe ndi maphunziro a kompyuta m'masukulu ambiri anamangidwa pa mapulogalamu omwe aja. Mayi wa zaka makumi asanu amene akudyetsa banja ndi kiyibodi sangatseke shopu mwezi wathunthu kuti aphunzirenso. Ndipo funso likhalabe: iye analakwa chiyani kuti asamuke?

Zimene tikupempha si zambiri. Zigamba za chitetezo zizibwera pazokha, zazing'ono, zosadya bandulo, ndipo zizifikabe pa makina amene akadali ndi moyo. Zosintha maonekedwe zikhale za wofuna, wosafuna asiyidwe ndi zimene anazolowera. Batani lokana lizitanthauza kukana, lisamabwerenso mawa ndi funso lomwelo. Chimene munthu anagula chisamachotsedwe m'manja mwake kudzera pakhomo lakuseri. Pakhale njira yobwerera mmbuyo zinthu zikavuta, mafayilo ali bwinobwino. Ndipo kompyuta isamadziyambitsenso yokha munthu ali pakati pa ntchito, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene akudziwa nthawi yabwino yoimitsa ntchito ndi mwini ntchitoyo.

Pakadali pano tikudzithandiza mmene tingathere. M'mashopu ambiri mupeza makompyuta awiri. Ina ndi yolumikizidwa ku intaneti, yotumizira maimelo ndi kudzaza mafomu, imene timaiyatsa m'mawa kwambiri kuti ngati ili ndi zopanga ipangiretu makasitomala asanafike. Inayo ili pakona, yakale, chingwe cha intaneti tinachizula kalekale ndipo aliyense pashopu analangizidwa kuti asadzailumikize. Fulashi ya mlendo silowamo isanapimidwe. Mmenemo ndi mmene muli makadi, masatifiketi ndi mayeso a masukulu, ndipo pulinta imaimvera. Bambo wa pulogalamu ya maliro uja tinamuthandiza pa imeneyo, mapepala 150, ananyamuka 9 koloko isanakwane. Ya pa intaneti ija inali ikadali pa 30 peresenti.